Musanakwere pa siteji: momwe bandi ya akuluakulu ingasankhire nyimbo zake zakale

Kukatsala milungu itatu kuti tikaimbe, ife sitigwira zida. Timakumana m'galaja ya mnzathu woimba ng'oma ku Chilomoni, mipando isanu, fulasiki ya tiyi, makope ndi sipika imodzi. Magitala amakhala m'zikwama mwake. Tsiku limenelo ndi lomvetsera basi. Ine ndimaimba besi gitala, ndipo ndinayamba ndili mnyamata ku Kitwe, ku Zambia, kumene bambo anga, ngati Amalawi ena ambiri a nthawi imeneyo, ankagwira ntchito ku migodi ya kopa. Anzanga a mabandi akale akandifunsa kuti shoo timaikonzekera bwanji, ndimawauza kuti ntchito yaikulu imachitika tsiku lomvetserali. Nyimbo imene munaipeka muli ndi zaka 22 mufunika kukhala nayonso pansi muli ndi zaka 65, muone ngati mukugwirizanabe. Ina mudzaipeza yakula nanu limodzi. Ina inatsala m'mbuyo kalekale, kungoti simunazindikire.

Yambani ndi kusonkhanitsa zonse zimene munajambulapo: mbale, makaseti, ngakhale zimene munthu wina anajambula pa foni n'kuika pa YouTube. Mverani nyimbo iliyonse mpaka ithe, wina asalankhule pakati. Lamulo losalankhulali ndi lovuta kusunga kuposa momwe mungaganizire, chifukwa aliyense amafuna kunena kuti "apa ndi pamene chingwe cha gitala chinaduka" kapena "tsiku limeneli tinagona ndi njala". Nkhanizo zili ndi nthawi yake. Poyamba aliyense alembe m'kope mwake mayankho a mafunso atatu. Nyimboyi inkanena za chiyani, kapena za ndani? Mawu akewa ndingawanenebe lero pamaso pa ana anga ndi adzukulu anga, kuchokera pansi pa mtima? Nanga thupi langa, kaya ndi mmero, zala kapena mapewa, lingainyamule mpaka kumapeto?

Funso lachiwirilo ndi limene limatidyera nthawi, ndipo ndi bwino kuti lidye. Tili ndi nyimbo ina imene anthu ankaikonda kwambiri, yonyoza mtsikana amene anakana woimba wathu. Vesi yachiwiri imamutchula zinthu zimene mnyamata wopsa mtima amanena. Zaka zingapo zapitazo, itatha nyimboyo pa sipika, woimba wathu anakhala chete kanthawi kenako anati, "Amangwetu, mayi amene uja tsopano ndi agogo a winawake. Ine vesi imeneyi sindiimbanso." Sitinatsutse. Tinachotsa vesiyo, pamalo pake n'kuika gitala kuti alankhule yekha, ndipo nyimboyo ikuimbidwabe. Koma ilinso ina imene kale tinkaiona ngati yongodzazira chimbale, yonena za mnzathu amene anapita kukafuna ntchito ku Joni osalembanso kalata. Nthawi imeneyo inali nkhani ya munthu mmodzi. Lero mu holo iliyonse muli mayi amene mwana wake ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ndipo tikaiyamba anthu amaleka kuvina n'kumaimba nafe. Tikanapanda kukhala pansi n'kuimveranso, bwenzi ili m'kaseti mpaka pano.

Chinanso chimene mudzapeza tsiku lomvetsera n'chakuti kukumbukira kumanama. Pali malo amene ndakhala ndikuimba mosiyana ndi zimene ndinajambula, kwa zaka zoposa makumi awiri, osadziwa. Mukapeza zotere musathamangire kubwerera ku zakale. Yesani zonse ziwiri. Nthawi zina zala zinakonza zokha chimene mutu unalakwitsa mu situdiyo.

Ndikamanena zimenezi ndimaganiza za WITCH, bandi ya ku Kitwe imene inatipangitsa ambirife kufuna gitala. Dzinalo limaimira We Intend To Cause Havoc, ndipo mtsogoleri wake Emmanuel Chanda anamupatsa dzina loti Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa The Rolling Stones. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo pafupifupi zonse za pa wailesi, 95 pa 100 zilizonse, zikhale za ku Zambia komweko, ndipo mabandi monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anapeza mpata. Nyimbo zawo ndi zimene dziko lapansi likuzitcha Zamrock lero. Chimbale cha WITCH cha Lazy Bones!! chinatuluka mu 1975. Kenako mtengo wa kopa unagwa, ndalama zogulira mbale ndi matikiti zinasowa, disko inalowa, ndipo m'zaka zotsatira matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Jagari anakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakumba miyala ya mtengo wapatali. Kampani ya ku Los Angeles ya Now-Again itatulutsanso zimbale zakale zija, achinyamata a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuzifuna, ndipo iye anabwerera pa siteji pamodzi ndi woimba kiyibodi Patrick Mwondela komanso anyamata ena, mmodzi wa iwo ndi Jacco Gardner wa ku Netherlands amene amaimba besi. Mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano, Zango, patadutsa zaka 39 chitulukireni chomaliza cha bandiyo. Taganizani munthu wopitirira zaka 70 akusankha nyimbo zimene anaimba ndi anzake amene pafupifupi onse anatisiya. Iye sangazitenge mwachisawawa. Ifenso, ngakhale bandi yathu ndi yaing'ono ndipo sinadutse malire ambiri, tilibe chifukwa chozitengera mwachisawawa.

Mukatha kumvetsera, gawani nyimbozo milu itatu. Mulu woyamba ndi wa nyimbo zimene anthu alipirira pakhomo. Izi sizikambirana. Mwina mwatopa nazo, mwaziimba kambirimbiri, koma bambo amene wakwera minibasi kuchokera ku Zomba anakumana ndi mkazi wake nyimbo imeneyo ikulira, ndipo kumumana n'kumulakwira. Mulu wachiwiri ndi wa nyimbo zimene inuyo mukuzifuna, zija sizinamveke pa wailesi koma zimakusangalatsani kuimba, pamodzi ndi zatsopano ngati zilipo. Wachitatu ndi wa nyimbo zoti zipume. Sitinena kuti tazitaya. Zimangodikira chaka china. Pa shoo ya mphindi 90 ife timaimba nyimbo 16, khumi za mulu woyamba ndi zisanu ndi imodzi za wachiwiri. Zikachepa za mulu wachiwiri mumaimba ngati anthu olembedwa ganyu, ndipo anthu amaona pa nkhope. Zikachuluka, anthu amayamba kupita kukagula zakumwa. A The Rolling Stones, amene anayamba ku London mu 1962, pa maulendo awo ena akhala akusiya malo a nyimbo imodzi kuti otsatira awo avotere pa intaneti. Inunso mungachite chimodzimodzi pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, koma perekani mayina anayi okha a nyimbo zimene mwaziyeserera kale. Musafunse funso lotseguka, mungapemphedwe nyimbo imene palibe akuikumbukira makodi ake.

Tsopano tulutsani zida, ndipo chinthu choyamba ndi kiyi, kutanthauza kukwera kapena kutsika kwa mawu kumene nyimbo ikuimbidwira. Apa ndi pamene mabandi akale ambiri amadzipweteka chifukwa cha manyazi. Mmero wa mwamuna ukamakalamba sufikanso pamwamba pamene unkafika, ndipo mpweya umafupika. Woimba amene amaumirira kiyi ya pa mbale amafika nyimbo yachisanu mawu atasasa, ndipo shoo yonse imathera pomwepo. Pezani noti yapamwamba kwambiri m'nyimbo iliyonse, kawirikawiri imakhala mu kolasi yomaliza, woimbayo aiimbe katatu motsatizana ataimirira, osati atakhala. Ngati mitsempha ya m'khosi ikutuluka, tsitsani. Njira yosavuta ndi kuchuna magitala onse semitoni imodzi (theka la toni, kasitepe kakang'ono ka mawu) pansi, chingwe chachikulu chichoke pa E kupita pa E flat. Mukatero zala zimagwira momwe zinazolowera, zingwe zimafewa pang'ono, zomwe zimathandizanso zala zowawa m'mfundo, ndipo gitala wa rock amamveka wonenepa bwino. Mabandi ambiri otchuka amachita zimenezi ndipo palibe amadandaula. Nyimbo ikafuna kutsika kwambiri, monga kuchoka pa A kupita pa G, samalani ndi rifu, kachidutswa ka gitala kobwerezabwereza kamene anthu amaizindikirira nyimboyo. Marifu ambiri a rock amadalira chingwe chimene mumaliza osachipsinja ndi chala, ndipo mukasuntha kiyi mwa kungosuntha zala, kulira kuja kumatha. Zikatero ndi bwino kukhala ndi gitala wachiwiri wochuniratu toni yonse pansi, woti mungomunyamula nthawi ikakwana. Woimba kiyibodi asadalire batani losinthira kiyi popanda kulemba pa pepala, chifukwa kuiwala kulibweza kumaononga nyimbo yotsatira kuyambira noti yoyamba.

Liwiro nalonso muliyeze, musalingalire. Ikani metronomu ya pa foni, kachida kowerengera kagundidwe ka nyimbo, mupeze kuti nyimbo ya pa mbale imagunda kangati pa mphindi, mulembe. Kenako imbani mmene mumaimbira masiku ano, muyezenso. Mudzadabwa. Nyimbo yathu ina ili pa 138 pa kaseti, koma tinapeza kuti pa siteji tinkaithamangitsa mpaka kupitirira 150, chifukwa cha mantha oti anthu angatione ngati tafooka. Mnyamata wina wotithandiza kunyamula masipika anatiuzapo moseka kuti tsabola wakale sawawa, ndipo ndikuganiza kuti mawu otere ndi amene amachititsa akuluakulu kuthamanga. Koma ukali wa rock suli mu liwiro. Uli pamene besi ndi ng'oma yaikulu ya phazi zikugwera pamodzi, osasiyana ngakhale pang'ono. Tinaibweza pa 132, pansi pa ya pa kaseti, ndipo inalemera kuposa kale. Mawu anayamba kumveka, anthu anapeza povinira. Woimba ng'oma akhale ndi manambalawa pa pepala lake, ndipo asanawerenge nyimbo iliyonse ayang'ane kuthwanima kwa metronomu kwa kamphindi.

Pali nkhani ina imene sindingailumphe, ngakhale imawawa. Bandi iliyonse ya zaka zambiri ili ndi malo a munthu amene kulibe. Kwa ife ndi woimba gitala wotsogolera, amene anapeka theka la nyimbo zathu. Amene akuimba pamalo pake ndi mnyamata wa msinkhu wa ana athu. Chimene tinamupempha n'chakuti ayambe waphunzira solo iliyonse ya malemuwo noti ndi noti, mpaka popindira chingwe ndi popondera pedulo ya wah-wah yosintha kulira kwa gitala. Osati kuti akhale chithunzi cha munthu wina, koma kuti adziwe chimene akusintha akamasintha. Atatha zimenezo tinagwirizana kuti pa nyimbo zitatu zimene anthu amaimba solo yake pakamwa, aziimba monga zinalili, kwina konse aziimba zake. Charlie Watts atamwalira mu Ogasiti 2021, atakhala pa ng'oma za The Rolling Stones kuyambira 1963, Steve Jordan ndiye anakhala pa mpandowo, ndipo mukamvetsera mumamva kuti akulemekeza mkuluyo koma dzanja ndi lake. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira. Ndipo musanaike nyimbo za malemu pa mndandanda, pitani kunyumba kwake mukawauze mayi a kunyumba ndi ana. Asamve pa positala. Asiyireni mipando kutsogolo, ndipo ngati nyimbozo zinalembetsedwa ku COSOMA kuno kapena ku ZAMCOPS ku Zambia, mabungwe otolera ndalama za opeka nyimbo, thandizani banjalo kuti gawo la wopekayo lizifika kwa iwo. Ife timawapatsanso kenakake kuchokera pa ndalama za pakhomo.

Kusanja nyimbozo kumafuna mutu wozizira. Yoyamba isakhale yotchuka kwambiri, komanso isakhale yatsopano. Ikhale imene mungaiimbe ngakhale mutadzidzimutsidwa kutulo, yosavuta pa mmero, yoyamba ndi ng'oma kapena gitala yekha zida zina n'kumalowa chimodzichimodzi. Izi zimapatsa mpata woyendetsa saundi kuti akonze zinthu, popeza holo yodzaza anthu imamveka mosiyana ndi yopanda anthu imene munayeseramo masana. Nyimbo zitatu zoyamba zilumikizane popanda kulankhula. Moni abwere itatha yachitatu. Nyimbo zofuna gitala wochunidwa mwina ziikeni moyandikana kuti kusintha kuchitike kamodzi kapena kawiri basi. Musaike nyimbo zitatu za kiyi imodzi motsatizana, khutu limatopa ngakhale munthu sadziwa chamutopetsa. Pakati pa shoo, cha pa nyimbo yachisanu ndi chiwiri kapena yachisanu ndi chitatu, ikani imene woimba wamkulu angapume, kaya ya zida zokha kaya yoimba wina. Ife pamenepo ndi pamene ndimaimba ine nyimbo ya ku Joni ija, woimba ng'oma atasiya timitengo n'kumangogunda ndi manja. Yatsopano iliyonse ikhale pakati pa ziwiri zodziwika. Zinayi zomaliza zikhale za mulu woyamba, zikukwerakwera, ndipo sungani imodzi m'thumba yoti mubwerere nayo anthu akakana kupita.

Mukasanja, imbani mndandanda wonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osaima, mutaimirira, kawiri pa masiku osiyana, wotchi ili poonekera. Kuyeserera nyimbo imodziimodzi mutakhala pa mpando sikukuuzani chimene msana ndi miyendo zidzanene pa mphindi ya 70.

Zolankhula pakati pa nyimbo nazonso zikonzeni. Nkhani zija munaziletsa tsiku lomvetsera, ino ndiyo nthawi yake. Sankhani zitatu zokha pa shoo yonse, iliyonse isapitirire theka la mphindi, ndipo ikhale ndi chinthu chogwirika: malo, chaka, chimene chinachitika. Kunena kuti "nyimbo iyi ili ndi tanthauzo lalikulu kwa ife" sikuuza munthu kanthu. Koma mukati munaipeka pa depoti ya basi usiku mukudikira basi imene sinabwere, gitala ali ndi zingwe zinayi, anthu amaimva mwatsopano ngakhale akhala akuidziwa zaka 40. Nenani zoona zokha. Mu holomo mumakhala anthu amene analipo.

Mndandandawo ulembeni ndi cholembera chachikulu chakuda pa pepala loyera, zilembo zikuluzikulu zoti muwerenge mutaimirira popanda magalasi, magetsi a siteji akuthwanima. Pambali pa dzina lililonse lembani kiyi, liwiro ndi amene akuyamba. Aliyense akhale ndi lake lomata pansi ndi tepi, woyendetsa saundi apatsidwenso lake. Ronnie Wood, woimba gitala wa The Rolling Stones, amadziwika kuti mindandanda ya pa mapulakatisi awo amailemba pamanja ndi utoto wamitundumitundu. Ife athu ndi osakongola choncho, koma ndimawasunga onse m'katoni, ndipo tsiku lomvetsera likafika ndimawatulutsa kuti tione zimene tinaimba ulendo watha pa malo omwewo.

Zingwe zatsopano ikani kukatsala masiku awiri, osati tsiku la shoo, chifukwa zatsopano zimatamuka ndipo gitala amatsika yekha pakati pa nyimbo. Mabatire a 9 volt a mu fuzz ndi mapedulo ena sinthani onse ngakhale akuoneka kuti alipo. Funsani eni malo za jenereta, muione ikulira ndi maso anu, ndipo konzekeranibe nyimbo ziwiri zoti mungaimbe ndi gitala wosafuna magetsi ndi ng'oma yamanja. Tsiku lina magetsi anathima tili pakati pa kolasi, jenereta n'kukana kudzuka kwa mphindi khumi, ndipo chimene chinasunga anthu ndi nyimbo ziwiri zimenezo, holo yonse ikuimba mu mdima ndi matochi a pa foni. Poyesa saundi masana, yambani ndi mawu a woimba mu sipika yoyang'ana kwa inu, zida zina zibwere pansi pake. Woimba akapanda kudzimva amakuwa, ndipo ntchito yonse yotsitsa kiyi ija imapita pachabe. Tsitsani maamplifaya a pa siteji, masipika akuluakulu akutsogolo ndiwo agwire ntchito. Ambirife makutu amalira kale usiku ngati muli nkhululu, ndipo akatswiri a makutu amati phokoso lopitirira madesibelo 85 (muyezo wa kukula kwa phokoso) kwa nthawi yaitali limaononga kumva, pamene siteji ya rock imapitirira pamenepo kutali. Zotsekera m'makutu za oimba zilipo, valani.

Idyani maola atatu nthawi isanakwane, nsima yochepa, kuti mpweya upeze malo. Amene ali pa mankhwala a BP kapena a shuga amwe pa nthawi yake, ndipo botolo la madzi likhale pafupi ndi aliyense. Mowa, kwa amene amamwa, udikire shoo ithe.

Kukatsala mphindi khumi timapempha alendo onse atuluke m'kachipinda kakuseri, ngakhale abale. Timaima mozungulira asanufe, mnyamata uja ali pakati pa ine ndi woimba kiyibodi. Woimba ng'oma, amene ndi mkulu wa mpingo, amapemphera mwachidule, kenako timatchula mayina a anzathu amene tinayamba nawo, mmodzimmodzi. Woimba wathu amang'ung'udza kolasi ya nyimbo yoyamba chapansipansi kuti kiyi ikhale m'mutu mwa aliyense. Ine ndimayang'ananso chingwe changa chachikulu pa chochunira kuti chili pa E flat, ndimapukuta manja pa thaulo, n'kutsatira woimba ng'oma amene amatuluka poyamba. Akakhala pa mpando amayang'ana pepala lake, amayang'ana ine, n'kumenyanitsa timitengo kanayi.